Eni maliro alibe mpando

M'masitolo ena a ku America ndi ku Ulaya mumagulitsidwa bokosi lolemera ndithu lolembedwa dzina lakuti Colonial Twilight, kunena kwake kuti chisisira cha utsamunda. Mukalitsekula mupezamo bolodi yopinda yojambulidwa mapu a dziko la Algeria, mulu wa makadi, dayisi, kabuku ka malamulo ndi timatabwa tosemasema tamitundumitundu. Anthu awiri amakhala moyang'anana patebulo. Wina amakhala Boma la France, mnzakeyo amakhala gulu la FLN, lija lidamenyera ufulu wa Algeria kuyambira pa 1 Novembala 1954 kufikira mu 1962. Amasewera maola angapo, wina n'kupambana, kenaka n'kugwirana chanza. Amene adakonza masewerawa ndi Brian Train wa ku Canada, ndipo kampani ya GMT Games ya ku California ndiyo idawatulutsa m'chaka cha 2017.

Ine masewerawa ndili nawo mlandu, ndipo mlanduwo ngwa mipando. Patebulopo pali mipando iwiri yokha. Anthu pafupifupi 9 miliyoni amene nkhondoyi inkamenyedwera pamsana pawo alibe pokhala.

Musandiyese m'modzi wa aja amati nkhondo siiyenera kuseweredwa. Chesi ndi nkhondo ya mafumu. Pa bawo timadyerana timiyala mpaka wina atatsala manja lende, ndipo palibe adayamba wapita kwa mfumu kukadandaula. Asilikali a ku Prussia adayamba kuphunzirira nkhondo pa mapu ndi timiyala tachitsulo kale mu 1824, mwambo umene udafalikira m'magulu ankhondo a dziko lonse. Komanso Brian Train si munthu wongotola nkhani pamsewu. Nkhondo ya ku Algeria wakhala nayo zaka zambiri, poti masewera ake oyamba a nkhondoyi adatuluka mu 2000, ndipo zonyansa za nkhondoyo sazibisa. Akadakhala chitsiru sindikadataya inki. Ndikulimbana naye chifukwa ntchito yake njolongosoka, ndipo chinthu cholongosoka chikasokeretsa chimasokeretsa anthu anzeru omwe.

Tiyeni tione kaye kaseweredwe kake. Mapu aja adawagawa m'zigawo zisanu ndi chimodzi, zotchedwa wilaya, monga momwe a FLN eniake adagawira dzikolo pa msonkhano wawo wa ku Soummam mu Ogasiti 1956. Chigawo chilichonse chili ndi timadera take, ndipo mizinda itatu ya Algiers, Oran ndi Constantine ili payokha. Boma lili ndi timatabwa toimira asilikali ndi apolisi, ena Afalansa, ena mbadwa za Algeria zomwe. FLN ili ndi timatabwa toimira ankhondo am'tchire, amene amakhala obisika kufikira Boma litawafukula. Khadi ikavundukulidwa imabwera ndi chinthu china chimene chidachitikadi pa nkhondoyo, ndipo wosewera amasankha kuchita zolembedwa pa khadiyo kapena kuyendetsa ankhondo ake. Boma limapambana likachulukitsa anthu oliikira kumbuyo uku dziko la France lisadafooke mtima. FLN imapambana ikachulukitsa otsutsa Boma ndi misasa yake. Zonsezi nzokonzedwa mwaluso, ndipo amene adasewerapo amati mutu umachita kuwira.

Nanga anthu ali pati? Yang'anitsitsani pa bolodipo. Pa kadera kalikonse padalembedwa nambala yaing'ono yosonyeza kuchuluka kwa anthu okhalamo. Pambali pake pamaikidwa kachikatoni kosonyeza kuti anthuwo ali ku mbali ya Boma, kapena akutsutsa, kapena ali pakatikati. Basi. Alimi a ku mapiri a Kabylie, abusa a ku Aurès, amayi a m'tinjira ta Casbah, aphunzitsi, ogwira ntchito padoko, onsewa ndi kanambala ndi kachikatoni kamene osewera awiri aja amakatembenuza. Asilikali amayenda, ankhondo am'tchire amabisala ndi kutulukira, koma anthu sachita kanthu. Amangochitidwa zinthu, monga momwe munda umalimidwira.

Pali sitepe ina imene wosewera wa Boma amaloledwa kuchita, imene m'malamulo adaitcha Resettle, kutanthauza kusamutsa anthu. Mukaona kuti kadera kena kakumidzi kakukuvutani, mumaikapo chizindikiro, ndipo kuyambira pamenepo kaderako kamawerengedwa kuti mulibe anthu. Mdani wanu sangakololenso kanthu m'menemo. Dzanja limachita zimenezi m'kamphindi, munthu ali ndi kapu ya tiyi kudzanja linalo.

Tsono imvani chimene dzanjalo lachita. Asilikali a France, pofuna kumana a FLN chakudya ndi pogona, adalengeza kuti madera ambiri akumidzi ngoletsedwa, kuti chamoyo chilichonse chopezeka m'menemo chiomberedwe. Eni midzi adawasonkhanitsa m'misasa, yambiri yozingidwa ndi waya waminga, pafupi ndi malo a asilikali. Pofika kumapeto kwa nkhondo anthu oposa 2 miliyoni adali m'misasa yotereyi, ndiko kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse a mtundu wa Algeria. Mu Febuluwale 1959 mnyamata wina wogwira ntchito m'boma la France, Michel Rocard, yemwe pambuyo pake adadzakhala nduna yaikulu ya dzikolo, adapereka lipoti la zimene adaona m'misasamo. Adapeza anthu olandidwa minda ndi ziweto akungodikira chakudya chopatsidwa, ndipo adawerengera kuti msasa wa anthu 1,000 unkataya mwana mmodzi pafupifupi masiku awiri alionse. Lipotilo litatulukira m'manyuzipepala mu Epulo chaka chomwecho, ku Paris kudali phokoso. Akatswiri awiri, Pierre Bourdieu ndi Abdelmalek Sayad, adadzalemba buku lathunthu mu 1964 losonyeza kuti ambiri mwa alimi ozulidwawo sadabwererenso ku ulimi, ngakhale nkhondo itatha. Munthu amene wakhala zaka zitatu akuima pamzere wa ufa, mitengo yake ya azitona itapsa, mbuzi zitatha, sabwerera kumudzi monga adachokera.

Abale athu a ku Tete ndi ku Niassa safuna womasulira pa nkhaniyi. Apwitikizi nawo adawaunjika m'midzi yokakamiza yotchedwa aldeamento pa nkhondo yawo ndi FRELIMO, ndipo ku Rhodesia boma la Ian Smith lidachita chimodzimodzi. Funsani gogo aliyense amene adagonamo ngati angavomere kuti zimene zidamchitikira zilembedwe ngati kufufuta nambala pa mapu.

Okonda masewerawa ali ndi yankho, ndipo si yankho lachibwana. Amati masewerawa sakuyamikira kusamutsa anthu, pakuti Boma likasamutsa anthu limasenza mtolo umene umalidya chuma mpaka kumapeto. Amati wosewera amaphunzira yekha kuti nkhanza zili ndi mtengo. Amaloza khadi ina yokhudza kuzunza akaidi, imene imathandiza Boma kugwira ankhondo obisala koma n'kulifooketsa kwawo ku France. Amati: mwaona, choipa chikulangidwa.

Apa ndiye pagona mkangano wanga wonse. Chinthu mukachiika mtengo mwachiika pamsika. Wosewera wanzeru sadzifunsa ngati kuzunza munthu n'kololedwa, poti malamulo amuuza kale kuti n'kololedwa. Amangodzifunsa ngati pa nthawi ino phindu lake likuposa mtengo wake. Likaposa amazunza, ndipo akapanda kutero mnzake amuseka kuti sadziwa kusewera. Kodi awa si masamu omwewo amene ankachita Jenerale Jacques Massu ndi asilikali ake a maparachuti pamene adapatsidwa mzinda wa Algiers mu Januwale 1957? Nawonso ankati sakondwera nazo, koma bomba likudikira kuphulika ndipo munthu wodziwa kumene lili ali m'manja mwawo. Nawonso ankawerengera. Masewerawa satsutsana ndi Massu pa mfundo, amangotsutsana naye pa mtengo.

Amene adatsutsa pa mfundo adalipo, ndipo ena adali Afalansa. Paul Teitgen, mkulu woyang'anira za apolisi mu ofesi ya boma ku Algiers, adali atazunzidwapo ndi a Gestapo pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Ataona pa matupi a akaidi zipsera zonga zake, adatula pansi udindo mu 1957. Iye adawerenga anthu 3,024 amene adagwidwa mumzindawo osaonekanso. Henri Alleg, mkonzi wa nyuzipepala, adamuotcha ndi magetsi ndi kumumiza m'madzi, ndipo buku lake lofotokoza zimenezi, La Question, boma lidaliletsa litangotuluka mu 1958. Mnzake Maurice Audin, mphunzitsi wa masamu wa zaka 25, adamutenga kunyumba kwake mu Juni 1957, ndipo mtembo wake sudapezeke. Mkazi wake adadikira mpaka 2018 kuti Pulezidenti Emmanuel Macron avomere kuti Audin adafera m'manja mwa asilikali a France. Djamila Boupacha, mtsikana wa zaka 22, adamuchita zosatchulika mu 1960, ndipo loya wake Gisèle Halimi ndi mlembi Simone de Beauvoir ndiwo adakuwa mpaka dziko lidamva. Larbi Ben M'hidi, mmodzi wa atsogoleri oyambitsa nkhondoyi, adati wadzimangirira m'ndende mu Malichi 1957. Mu 2001 Jenerale Paul Aussaresses adaulula yekha, wopanda manyazi, kuti adamunyonga ndi iyeyo ndi anyamata ake.

Anthu onsewa m'bokosi muja asanduka khadi imodzi yokhala ndi phindu ndi mtengo wake. Pajatu choiwala ndi nkhwangwa, chitsa sichiiwala, ndipo masewerawa amakupatsani mpini wa nkhwangwa kuti mumve kulemera kwake.

Izi sizidachitike mwangozi. Colonial Twilight ndi gawo lachisanu ndi chiwiri la mndandanda wa masewera otchedwa COIN, chidule cha mawu a Chingerezi otanthauza kuthana ndi zigawenga. Adayambitsa mndandandawu ndi Volko Ruhnke mu 2012, ndipo iyeyu adagwira ntchito zaka zambiri ku bungwe la ukazitape la America la CIA. Maganizo akuti pa nkhondo yotereyi anthu wamba ndiwo mphotho yolimbirana adatchuka ndi David Galula, msilikali wa France amene adalamulira kagulu ka asilikali ku Kabylie kuyambira 1956 mpaka 1958, n'kudzalemba buku lake mu 1964. Asilikali a America atatitimira ku Iraq adafukula bukulo, ndipo buku lawo la malangizo la mu 2006 lidatengamo zambiri. Mu 2003 ku Pentagon adachita kuonetsa akuluakulu ankhondo filimu ya Gillo Pontecorvo ya mu 1966, The Battle of Algiers, kuti atolepo phunziro. Tsono bolodi ija ili ndi makolo ake. Idabadwira mu ofesi ya mkulu wa asilikali, m'mene mapu amapachikidwa pakhoma ndipo midzi imaoneka ngati timadontho. Aliyense wokhala patebulo paja amabwereka maso a mu ofesi imeneyo, ngakhale atakhala kumpando wa omenyera ufulu.

Mpando wachiwiriwo nawo ndili nawo mawu, ndipo pano ena a inu amene mumandivomera mpaka apa mundithawa. Wosewera wa FLN ali ndi masitepe ake: kuopseza anthu ndi zauchigawenga, kuwalanda ndalama mokakamiza, kunyengerera apolisi omwe ndi mbadwa za Algeria kuti atembenuke. Kwa iyenso anthu ndi munda wokolola. Koma choipa chachikulu n'chakuti mipando ikakhala iwiri, wina France wina FLN, ndiye kuti FLN yasanduka Algeria yense. Limeneli ndi bodza limene chipanicho chidalimbikira kuphunzitsa ana asukulu kwa zaka zambiri chitatenga boma, pamene chidali chipani chokhacho chololedwa mpaka 1989.

Zoona zake nzakuti Aalgeria adali ndi mawu ambiri. Messali Hadj, amene adayamba kulalikira za ufulu kale m'zaka za m'ma 1920, adali ndi gulu lake la MNA, ndipo FLN idalimbana nalo mpaka kulitha. Mu Meyi 1957 ankhondo a FLN adapha amuna ndi anyamata oposa 300 m'dera la Melouza chifukwa midzi yawo inkakondera gulu linalo. Ku France komweko magulu awiriwa ankaomberana m'malo omwera khofi, ndipo anthu pafupifupi 4,000 adafa, onse Aalgeria. Abane Ramdane, amene adakonza msonkhano wa ku Soummam uja ndipo ankalimbikira kuti andale azilamulira asilikali, adamupotokola khosi anzake omwe ku Morocco mu Disembala 1957, nyuzipepala ya chipani n'kudzalemba kuti wafera kunkhondo. Wosewera mmodzi wokhala ndi mutu umodzi ndi cholinga chimodzi sangakhale zonsezi. Dzanja lake lamanja silingaphe lamanzere.

Ife okonda zolembalemba tili ndi mboni yathu pa mlanduwu. Mouloud Feraoun adali mphunzitsi ndi mlembi wa mabuku a nthano wa ku Kabylie, mwana wa mlimi wosauka. Kuyambira 1955 ankalemba tsiku ndi tsiku zimene ankaona, ndipo zolembazo zidasindikizidwa iye atafa. Feraoun ankafuna ufulu wa dziko lake ndi mtima wonse, koma sadaleke kulemba za mantha a anthu akumudzi amene masana ankafunsidwa ndi asilikali kuti adyetsa yani, usiku n'kufunsidwa ndi am'tchire kuti alankhula ndi yani. Akulu adati mapanga awiri avumbwitsa, koma anthu awa sadasankhe mapanga awiri, adachita kukankhidwira pamvula. Pa 15 Malichi 1962, kutatsala masiku atatu kuti pangano la ku Evian lisainidwe, zigawenga za azungu za gulu la OAS zidalowa pa msonkhano wa oyang'anira maphunziro ku El Biar, zidatulutsa anthu asanu ndi mmodzi, n'kuwaimika pakhoma. Feraoun adali mmodzi wa iwo. Ndionetseni pamene munthu ameneyu ali pa bolodi ija. Kodi ndi woikira Boma kumbuyo? Ndi wotsutsa? Kapena tinene kuti ali pakatikati, ngati munthu wopanda maganizo amene akudikira kuti wina amutembenuze?

Mwina wina anganene kuti pomenyana njovu wovutika ndi udzu, ndiye masewerawa akungonena zoona: anthu wamba adali udzu. Ayi, mbiri ikukana. Pofika 1960, nkhondo ya m'tchire France idali itapambana ndithu. Jenerale Maurice Challe adasesa mapiri kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa mu 1959 ndi 1960, ndipo mipanda yamagetsi ya m'malire a Tunisia ndi Morocco idatsekereza zida ndi ankhondo kunja. Akuluakulu a asilikali ankauza Charles de Gaulle kuti anthu atopa ndi FLN ndipo ali ndi France. Tsono mu Disembala 1960, de Gaulle ali pa ulendo m'dzikomo, anthu a m'makomboni a Algiers ndi mizinda ina adakhamukira m'misewu, amayi ndi ana omwe, atanyamula mbendera zobiriwira ndi zoyera zosokedwa mobisa m'nyumba. Chiyambi chake sichidachite kulamulidwa ndi atsogoleri a FLN okhala ku Tunis, nawonso adadzidzimuka. Asilikali adaombera ndipo anthu ambiri adafa, koma atolankhani a maiko akunja adaona, de Gaulle adaona, ndipo pa 19 Disembala msonkhano waukulu wa United Nations udavomereza kuti anthu a ku Algeria ali ndi ufulu wosankha tsogolo lawo. Kanambala kaja kadadzuka pa mapu n'kuyamba kuyenda kokha. Pa bolodi zoterezi sizingachitike. Ngakhale zitalembedwa pa khadi, amene amasankha kuti zichitike kapena zisachitike ndi mmodzi wa akuluakulu awiri aja.

Palinso nkhani ya chilungamo cha masewera. Masewera a anthu awiri kuti akome, aliyense ayenera kukhala ndi mwayi wopambana. Palibe angakhale pansi maola anayi akudziwa kuti mpando wake ngwogonja. Choncho wokonza amayesa ndi kuyesanso, kuonjezera apa, kuchotsera apo, mpaka sikelo italingana. Ndiye kuti madzulo ambiri, m'nyumba zambiri, France imapambana nkhondo ya ku Algeria, ndipo wopambanayo amanyadira. Koma kupambana kwa France kukadatanthauzanji? France idalowa m'dzikomo ndi mfuti mu 1830, ndipo mu 1848 idalengeza kuti Algeria ndi gawo la France lenileni. Lamulo la mu 1947 lidakhazikitsa nyumba ya malamulo ya mipando 120. Theka lidapita kwa azungu osakwana 1 miliyoni pamodzi ndi Asilamu ochepa osankhika, theka linalo kwa Asilamu ena onse, pafupifupi 8 miliyoni, ndipo ngakhale zisankho za theka lawolo boma lidabera poyera mu 1948. Pa 8 Meyi 1945, tsiku limene Ulaya ankavina kuti Hitler wagonja, ku Sétif ndi Guelma kudayamba kuphana kumene kudatha ndi azungu pafupifupi 100 ndi Aalgeria zikwizikwi. Awa ndiwo maziko a nyumba imene wosewera wa Boma akuiteteza. Malamulo a masewera sanena kuti mbali iyi ikulondola kapena ikulakwa, amangopereka zigoli. Pa mpira kusakondera kotero n'koyenera. Pa mlandu wa wakuba ndi mwini katundu, woweruza amene angati aliyense ali ndi mwayi wofanana wopita ndi katunduyo waweruza kale mokomera wakuba.

Ngakhale dzina lenilenilo likuulula kumene adaima wolitcha. Chisisira n'cha amene dzuwa likumulowera. Kwa anthu amene adavota pa 1 Julaye 1962, oposa 99 pa 100 alionse n'kusankha ufulu, kunja kunkacha.

Ndikudziwa chimene ena adzanene: kodi mabuku a nthano nawo sasankha? Kodi filimu ya Pontecorvo sidasiye zambiri? Zoona, luso lililonse limasankha, ndipo n'chifukwa chake limafunsidwa mafunso. Koma buku limakuikani m'khungu la munthu mmodzi, limakuuzani dzina lake ndi la amake, ndipo munthuyo akafa simungamudzutsenso. Masewera amakuikani pamwamba pa anthu onse ndi kukupatsani mphamvu, kenaka amakulolani kuyambiranso. Mudzi umene mwausamutsa lero, Loweruka likudzali udzakhala uli pomwepo kudikira kuti muusamutsenso mwanzeru kuposa lero. Chimene munthu amachibwereza kakhumi ndi manja ake chimakhazikika mwa iye kuposa chimene adachiwerenga kamodzi, ndipo izi okonda masewera amazidziwa, poti ndi zomwe amanyadira akamati masewera amaphunzitsa kuposa mabuku. Chabwino, ndavomera kuti amaphunzitsa. Ndiye tiyeni tifunse chimene akuphunzitsa. Wosewera amadzuka patebulo akudziwa bwino chifukwa chake France idalephera kusandutsa chipambano cha m'mapiri kukhala chipambano cha ndale, ndipo limenelo ndi phunziro lenileni. Koma ndi phunziro la msilikali wofuna kudzachita bwino ulendo wina. N'lomwe lija ankalifuna ku Pentagon.

Enanso adzati mipando iwiri ndi malire a luso limeneli, palibe kuchitira mwina. Kampani yomweyo idatsutsa kale zimenezi. Mu 2019 idatulutsa masewera otchedwa Gandhi, a mndandanda womwewo, onena za kutha kwa ulamuliro wa Britain ku India, ndipo m'menemo muli magulu amene chida chawo ndi zionetsero, kunyanyala ndi kudzaza ndende, osagwira mfuti. Mu 2023 idatulutsa People Power, onena za kugwa kwa Ferdinand Marcos ku Philippines, m'menenso muli mpando wa anthu opanda zida. Chaka cha 2019 chomwecho kampaniyi idasiya kukonza masewera ena otchedwa Scramble for Africa, m'mene osewera akadakhala maiko a ku Ulaya olimbirana Africa, anthu atadandaula kuti eni dziko adawasandutsa zokongoletsa mapu. Ndiye kuti mpando wachitatu ngwotheka kusema, ndipo kudandaula kumamveka. Kwa Algeria adasankha kusausema.

Ziwerengero za akufa mpaka lero sizigwirizana. Boma la Algeria limati 1.5 miliyoni. Akatswiri ambiri a mbiri yakale a ku France amati pakati pa 250,000 ndi 400,000. Asilikali a France amene adafa ndi pafupifupi 25,000, ndipo awa okha ndiwo adawerengedwa bwino, aliyense ndi dzina lake. Dziko la France lidakana kuitcha nkhondo mpaka nyumba yake ya malamulo idavomera mu 1999. Zaka zonsezo ankati zidali zochitika chabe, ntchito yokhazikitsa bata. Nkhani imene eni ake akadakanganabe kuti adaika angati m'manda si nkhani yozizira yoti mlendo n'kuitola ngati mbiri ya mafumu a ku Roma.

Khadi yomaliza ikavundukulidwa osewera amawerenga zigoli, n'kusesera timatabwa tonse m'bokosi. Timatabwa toimira Aalgeria omenyera mbali ya France timalowa m'kathumba kake bwinobwino. Anthu enieniwo, otchedwa harki, ambiri France idawalanda mfuti n'kuwasiya, ndipo zikwi makumi angapo adaphedwa mwankhanza m'miyezi yotsatira ufulu. Amene adakwanitsa kuoloka nyanja adakawatsekera m'misasa monga ya ku Rivesaltes, ndipo pulezidenti wa France adadzawapepesa mu Seputembala 2021. Azungu ochuluka obadwira m'dzikomo adathawa m'chilimwe chimodzi, ambiri kupita ku dziko limene adali asadaliwonepo.

M'mphepete mwa bolodi muli kanjira ka manambala kosonyeza kulimba kwa mipanda ya m'malire, ndipo masewera akatha kachizindikiro kake kamabwezedwa poyambira. M'malire enieniwo asilikali a France adakwiriramo mabomba pafupifupi 11 miliyoni. Mabombawo adapitiriza kudula miyendo ya abusa ndi ana obadwa nkhondo itatha kalekale. France idapereka mapu osonyeza pamene idawakwirira mu 2007, patatha zaka 45. Asilikali a Algeria adafukula dera ndi dera, ndipo boma lawo lidalengeza kuti ntchitoyo yatha kumayambiriro kwa 2017, chaka chomwe bokosi lija lidafika m'masitolo.